Fuluwenza wanga akuchuluka koma sakulowa m'maselo, ndalakwitsa pati?

Moni akuluakulu nonse pagulu pano. Ndine mtsikana wophunzira za sayansi kuno ku Blantyre, ndipo pa kafukufuku wanga ndikuweta kachilombo ka fuluwenza A m'maselo a MDCK (maselo a impso ya galu owetedwa mu labu). Chifukwa chothamangira nthawi, ndinkangotunga madzi a m'botolo lakale n'kuthira m'latsopano osasungunula ndi madzi ena kuti tizilombo tichepe, mpaka kanayi. Lero ndikayesa HA (kuona mmene tizilombo timagwirizitsira maselo ofiira a magazi) ndi magazi a nkhuku, zikuonetsa kuti tizilombo tilimo tambirimbiri. Koma pa plaque assay (kuwerenga timabowo, kapena kuti ma plaque, pomwe kachilombo kapha maselo) mbale yonse yangoti bii ndi utoto, timabowo tiwiri titatu basi. Mtima wandiwawa zedi, miyezi iwiri yapita. Ndawerenga kuti wasayansi Preben von Magnus wa ku Denmark anaona zoterezi m'mazira a nkhuku cha m'ma 1950. Kodi n'zomwezo? Nanga ndingapulumutse bwanji ntchitoyi?

Mayankho

Bambo wa ku Namiwawa: Mwanawe usataye mtima, zikufanana kwambiri ndi zimenezo. Chibadwa cha fuluwenza A chili m'zidutswa 8. Polymerase, chida cha kachilomboka chokopera chibadwacho, ikamakopera, nthawi zina imadumpha pakati pa chidutswa, makamaka pa zidutswa zotchedwa PB2, PB1 ndi PA, n'kusiya kumutu ndi kumchira kokha. Kachidutswa kodukako sikangabereke pakokha, koma kakalowa m'selo limodzi ndi kachilombo kamphumphu kamabwereka zida zake. Poti n'kakafupi kamakoperedwa msanga, ndipo kamalanda malo a chenichenicho potuluka m'selo. Chovala chakunja chimakhala chabwinobwino, n'chifukwa chake HA yako ikuonetsa tizilombo tambiri. Ukathira tizilombo tambiri m'maselo ochepa, selo lililonse limalandira mitundu yonse iwiri, ndiye zodukazo zimakondwa. Mu 1970 asayansi Huang ndi Baltimore anazitcha defective interfering particles, kutanthauza tizilombo toperewera tosokoneza tinzake. Bwerera ku stock yoyamba, tizilombo tomwe unayamba nato, sungunula kwambiri, MOI (chiwerengero cha tizilombo pa selo limodzi) ikhale ngati 0.001, usaiwale trypsin, yomwe imathandiza kachilomboka kulowa m'maselo.

Achemwali a ku Chirimba: Musanagamule, funsani kaye za firiji. Magetsi akathima, zouma za m'firijimo n'kusungunuka, kachilombo kamatha mphamvu koma HA imatsala. Chitani RT-PCR, njira yochulukitsa chibadwa kuti chioneke, pa zidutswa zitatu zija. PB2 yamphumphu ili ndi ma nucleotide (zilembo za chibadwa) 2,341. Mukaona mizere yaifupi ya mazana ochepa pansi pa gel (pomwe zidutswa zimasiyanitsidwa malinga ndi kutalika kwake), mwagwira wakuba.

Mayi wa ku Bangwe: Pepani ine za sayansi sindizitsata, koma ndafuna kumva. Ana anga amadwala chimfine chaka ndi chaka chiperoni chikafika mu Juni. Ndiye zodukazo zimapezekanso m'thupi mwathu?

Bambo wa ku Namiwawa: Zimapezeka mayi, anazipeza ngakhale mwa odwala fuluwenza ya H1N1 ya 2009. Zimadzutsa chitetezo cha thupi kuti chitulutse msanga interferon, puloteni yolimbana ndi tizilombo. Ku yunivesite ya Warwick ku England anayesapo chimodzi, DI244, ndipo chinateteza mbewa ndi tinyama totchedwa ma ferret ku fuluwenza. Koma si mankhwala a kuchipatala ayi. Mwana akamabanika kapena kutentha thupi kwambiri, thamangirani naye kuchipatala, ayezedwenso malungo.

Mwini funso: Zikomo kwambiri bambo ndi inu achemwali. Ndayang'ana m'kaundula, firiji sinazimepo. Ka stock koyamba katsala kabotolo kamodzi kokha, ndiye ndikuopa kukawononga. Kodi nditole kaye plaque imodzi n'kuyambira pamenepo, kapena kusungunula kokha kukwanira? Ndikufuna kuyamba Lolemba m'mawa.