Kodi "chiwaya" chinayamba ndi mfuti kapena chokazingira chimanga?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa mawu amodzi amene akhala akundizunguza mutu kwa zaka zambiri. Malemu agogo anga aamuna, akamafotokoza za bambo awo amene anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, sankanena kuti "nkhondo yoyamba ya dziko lonse" monga tinaphunzirira kusukulu, koma ankangoti "nkhondo ya chiwaya". Ndili mwana ndinkaseka chamumtima, chifukwa chiwaya chimene ndinkachidziwa chinali chija chokazingira chimanga ndi mtedza.

Nditakula ndinadzamva kuti chiwaya ndi dzinanso la mfuti ija yolavula zipolopolo motsatizana osapumira. Nkhondoyo inatipeza msanga kuno, pakuti pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli ku Tanzania, m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, ndipo pa 9 Seputembala chaka chomwecho asilikali a Ajeremani anathira nkhondo Karonga koma anabwezedwa. Kufotokoza kumene ndimamva kawirikawiri nkwakuti kulira kwa mfutiyo kunkafanana ndi kuthetheka kwa chimanga pa chiwaya chotentha, motero anthu anatenga dzina la chiwiya cha pamoto nkulipereka kwa chida chophera anthu.

Kufotokozaku nkokoma m'khutu, koma pali pamene ndikukayika. Makolo athu ankakazingira pa phale, chigamphu cha mphika wosweka, pamene chiwaya nchachitsulo, chinthu chimene chikuoneka kuti chinabwera pambuyo. Kodi sizingatheke kuti dzinalo linayenda chobwerera, kuti amene anabwerako kunkhondo, atamva chimanga chikuthetheka pa chitsulo, anakumbukira mfuti ija nkutcha chitsulocho chiwaya? Palinso funso la tsinde la mawuwo. Tikachotsa "chi" wokulitsa uja, chotsala ndi "waya", ndipo mawaya analipo ambiri pankhondoyo, a minga otchingira misasa ndiponso a lamya. Mwina kufananaku nkwangozi chabe, komabe ndikufuna kumva maganizo a odziwa chinenero.

Chifukwa chimene ndikulimbikira nkhaniyi nchakuti mawuwa akuoneka ngati a anthu amene sakumbukiridwa kwenikweni. Mwezi wa Novembala uliwonse nkhata zamaluwa zimaikidwa pa chipilala cha ku Zomba polemekeza asilikali a King's African Rifles, amene anthu ankangowatchula kuti a Keyala, ndipo nkoyenera kutero. Koma asilikali ochokera ku Nyasaland pankhondo imeneyo anali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga anali pafupifupi 200,000, ambiri a iwo ochita kugwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu, ndipo amene anatsala m'njira anafa makamaka ndi matenda, njala ndi kutopa. Anthu amenewa mfutiyo ankaimva kulira, ena ankaisenza pamutu, koma sankaloledwa kuiomba. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya mu Novembala 1914 kuti anthu osauka akukafera nkhondo yosawakhudza. Ine ndimaganiza kuti amene anatcha nkhondo yonse ndi dzina la phokoso la mfuti anali anthu oterewa, osadziwa za Sarajevo, mzinda wa ku Ulaya kumene nkhondoyo inagwerera mpheto, kapena Kaiser, mfumu ya Ajeremani, odziwa zokhazo zimene makutu awo anamva.

Choncho ndikufunsa amene munakula ndi agogo a m'badwo umenewo: kodi munamvapo mawu oti chiwaya m'nthano kapena m'miyambi yakale kuposa 1914? Nanga amene anapita ku Abyssinia (lero Ethiopia), Madagascar ndi Burma (lero Myanmar) pankhondo yachiwiri, yawoyo ankaitchanso ya chiwaya, kapena dzinali linatsalira ku yoyamba yokha? Abale a ku Karonga, kumene mfutiyo inalira koyamba, tandiuzeni mmene ankaitchulira mu Chinkhonde ndi mu Chitumbuka.