Basenji kapena Ridgeback, ndalamayi ituluke?

Mayi a ku Kalimbuka: Abale ndithandizeni nzeru. Pakhomo pano tavutana pa nkhani ya galu. Bambo akunyumba akufuna Rhodesian Ridgeback, akuti akuba atikwana, mwezi watha anatichotsera batire m'galimoto tili mtulo. Ine mtima uli pa Basenji, kakang'ono kopiringiza mchira kaja, poti ndamva kuti sikanunkha komanso sikauwa. Munthu wina ku Blantyre akuti ali ndi ana agalu a mitundu yonse iwiri, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Tili ndi ana atatu, womaliza ali ku nazale, nkhuku zachikuda zoyenda pabwalo, ndi mpanda wa njerwa wolekeza m'mapewa.

Achimwene a ku Chinamwali: Galu wosauwa? Ndiye akubawo muziwaphikiratu tiyi, mayi.

Aphunzitsi opuma: Musafulumire kuseka achimwene. Kusauwako ndi zoona, koma si kuti amangokhala duu. Basenji amalira mokoka, mawu akukwera ndi kutsika, ndipo akasungulumwa aneba amadziwa. Kwawo ndi ku nkhalango za ku Congo, komwe alenje ankamumangirira kabelu kamtengo m'khosi kuti adziwe komwe wafika akamapirikitsira nyama mu ukonde. Magazi a ulenje amenewo sanathe. Nkhuku zanuzo iye adzaona ndiwo, ndipo mpanda wolekeza m'mapewa adzaukwera inu mukuona. Zaukhondo mwamva bwino, amadzinyambita yekha. Koma amadana ndi mvula ndi kuzizira, ndiye muganizire Juni wa kuno ku Zomba m'munsi mwa phiri.

Alangizi a ziweto: Mayi, ine chandikayikitsa ndi wogulitsayo. Basenji wamkazi nthawi zambiri amafuna mwamuna kamodzi kokha pa chaka, pomwe agalu ena ndi kawiri, ndiye ana ake sapezeka wamba ngakhale ku South Africa. Munthu mmodzi kukhala ndi mitundu iwiri yosowa nthawi imodzi, mmm. Vuto lina ndi loti agalu athu achikuda ambiri ali ndi makutu osongoka, ubweya wofiirira ndi mchira wopindika. Kamwana ka masabata 8 simungakasiyanitse pa chithunzi cha pa WhatsApp. Mudzazindikira tsiku limene kadzauwe. Musatumize ngakhale kobiri musanaone make ndi bambo ake ndi maso anu, komanso khadi la katemera.

Mayi a ku Kalimbuka: Zithunzi anatumiza ndi za ana okhaokha. Ndiye Ridgeback naye angatinamize?

Alangizi a ziweto: Ameneyo ali ndi chizindikiro chovuta kubera: mzere wa ubweya pamsana womera chobwerera kumutu, ndi timizunguliro tiwiri kumtunda pafupi ndi mapewa. Komabe wosakanizidwa naye amatha kubadwa nawo mzerewo. Mukapita, mutsine khungu pang'onopang'ono kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Mukamva kanthu ngati kachingwe pansi pa khungu, kapena mukaona kabowo kakang'ono, ndi matenda obadwa nawo otchedwa dermoid sinus, amafuna opaleshoni, musiyeni. Kwa Basenji choopsa ndi matenda a impso a Fanconi, ndipo oweta enieni amayezetsa makolo DNA asanawakweretse. Mufunse pepala lake.

Anti a ku Matawale: Ine ndili naye wa mzere pamsanayo, wamkazi, ngakhale bambo ake sitikuwadziwa bwino. Pa za ulonda sindinama, amagwira ntchito. Sauwa chisawawa. Mlendo akagogoda amapita pageti, kuima njii, kumuyang'ana osaphethira, mpaka munthu amayamba kuitana ali patali. Koma mayi, kudya! Nsima ya gaga ndi bonya mphika wake wake, ndipo akaima ndi miyendo iwiri mphuno imafika pa tebulo. Tsiku lina ananyamula chambo chonse chimene ndinakazingira alendo. Ana amawakonda, koma chikondi chake ndi cha mphamvu, mdzukulu wanga anagwetsedwa chagada pakhonde pongomulonjera. Wa ku nazale wanuyo musamadzamusiye naye yekha.

Aphunzitsi opuma: Anti akunena zoona. Ridgeback wamkazi amalemera makilogalamu pafupifupi 32, wamwamuna kuposa 36, pomwe Basenji ndi 10 kapena 11 basi. Malamulo a maonekedwe a Ridgeback analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo ntchito yake inali kuzinga mkango mpaka mlenje afike, osati kuupha ayi. Galu wotere kumumanga pa tcheni tsiku lonse ndi kumupengetsa.

Bambo a ku Kalimbuka: Ndawerenga zonse. Mwaona amayi, ngakhale gulu lavomereza kuti wanga ndiye galu.

Mayi a ku Kalimbuka: Iii abambo, inu mumene mumachoka 6 koloko kubwera usiku? Adzayenda naye ndani?

Achimwene a ku Chinamwali: Funso ndi limenelo bwana, tiyankheni.

Bambo a ku Kalimbuka: Loweruka ndi Lamulungu ndizikwera naye msewu wa Ku Chawe mpaka ku damu la Mulunguzi.

Alangizi a ziweto: Masiku awiri sakwana bwana, amafuna kuthamanga tsiku ndi tsiku. Ndipo kuphiriko asachoke pa chingwe. Akathamangitsa anyani, nyani wamphongo amang'amba galu ndi mano. Muwerengerenso ndalama za pambuyo pogula: katemera wa parvo (matenda osanzitsa ndi otsegula m'mimba) kuyambira masabata 6 mpaka 8 ndi kubwereza, wa chiwewe akakwana miyezi 3, mankhwala a njoka zam'mimba, a nkhupakupa mwezi ndi mwezi, ndipo mankhwala ambiri amayendera kulemera kwa galu. Nyengo ya mvula kuli mphutsi zolowa pakhungu akamagona pa dothi. Kamwana ka galu wamkulu chonchi pa gaga yekha sikakula bwino mafupa. Akakula muzimupatsa chakudya kawiri pa tsiku, osati mulu umodzi, chifukwa agalu a chifuwa chakuya m'mimba mumatha kufufuma n'kupotokola. Kwa ine, Basenji pakhomo pa nkhuku ndi mpanda waufupi ayi. Ridgeback mwina, ngati nkhuku zilowe m'khola ndipo papezeke woyenda naye.

Achimwene a ku Chinamwali: Wanga wachikuda ali ndi bere. Amauwa mpaka ku Mpondabwino amamva, ndipo sanadwalepo. Ndikusungireni mmodzi?

Mayi a ku Kalimbuka: Sungani wamkazi achimwene, tisanathe nkhani. Alangizi, Loweruka likubwerali mungatiperekeze ku Blantyre? Thiransipoti ndi nkhomaliro ndi za abambo.

Alangizi a ziweto: Ndipita, koma wogulitsayo ayambe watumiza vidiyo ya make akuyamwitsa anawo. Akakana, mafuta musathire.