Mapemphero a Amayi: amene sanapereke

Achemwali: Loweruka lija layandikira. Apereka ndi anthu 9 pa 16. Hema sitinalipire, mipandonso ayi.

Achimwene Akulu: Ine zanga ndinatumiza kalekale. Chitsirizira uja akubwera?

Achemwali: Amayi akuti ana awo onse akhalepo. Onse, achimwene.

Achimwene Akulu: Chabwino. Nanga ndalama zakuchipatala zija zinathera pati?

Alamu: Pepani ndilowerere. Mateyu 5:23-24 akuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, chisiye pomwepo, ukayanjane naye kaye. Ife tikukathokoza Mulungu kuti amayi achira, koma ena sitipatsana ndi moni womwe.

Mdzukulu: Ndiye tisapereke kaye? 😂

Achemwali: Iwe pereka. Dzina lako lili pa 7 otsalawo.

Achimwene Akulu: Alamu, Baibulo nafenso timawerenga. Zakeyu atalapa anati abweza kanayi. Ine sindikufuna kanayi, kamodzi kokha. Zinathera pati?

Alamu: Zakeyu anabweza Yesu atalowa kale m'nyumba mwake, Yesuyo sanachite kumuikira malamulo pakhomo. Onaninso Mateyu 18. Kapolo uja anakhululukidwa matalente 10,000, atangotuluka anakakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku limodzi basi. Mapeto ake mukuwadziwa.

Achimwene Akulu: Ndiye kapoloyo ndine?

Alamu: Sindinatchule munthu.

Msuweni: Mwadzuka bwanji nonse. Abusa ayamba nthawi yanji? Galimoto yanga ili kwa makaniko.

Mdzukulu: Ikadali komweko? Chichokereni mwezi watha?

Msuweni: Usandiyambe iwe.

Chitsirizira watuluka pagulu.

Achemwali: Mwaona? Zaka 3 tsopano. "Mutikhululukire monga ifenso tikhululukira" timanena tonse Lamulungu lililonse, kaya timamva zimene pakamwa pakunena.

Achimwene Akulu: Kukhululuka ndinakhululuka. Ndikungofunsa.

Achemwali: Mwafunsa kawiri m'mawa uno wokha. Petro ankaganiza kuti ka 7 n'kokwanira, anauzidwa 70 kuchulukitsa ka 7. Inu mwafika pa kangati?

Achimwene Akulu: Mubwezereni pagulu. Ndimuimbira madzulo, koma nkhaniyo tidzakambirana awiri.

Achemwali alowetsa Chitsirizira.

Chitsirizira: Theka ndatumiza, onani. Zotsala Lachisanu. Mipando ndibweretsa ndine.

Achemwali: Zafika. Asuweni, uthenga mwauona, chizindikiro chabiriwira uku. Zanu zili kuti?