Za panorama ya pa Kopje ija

Abale, paja ndinafunsa chifukwa chake panorama yanga (chithunzi chotambalala cholumikiza zithunzi zingapo) ya HDR (kuphatikiza zithunzi zowala mosiyana kuti powala ndi pamdima pomwe paoneke) ya mzinda wa Harare, yojambulira pa phiri la Kopje, inkatuluka ndi mizere polumikizana zithunzi. Zikomo achimwene amene munati ndiike zonse za pa kamera pa manual, kutanthauza kuzitchera ndekha: aperture, ISO, focus ndi white balance. Zathekadi!

Mbali iliyonse ndikujambula katatu, -2, 0 ndi +2 EV (muyeso wa kuwala kwa chithunzi), kumasintha shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) yokha, ndipo chithunzi chilichonse chikulowerera chinzake pafupifupi 30 peresenti. Hugin, pulogalamu yolumikizira zithunzi, yalumikiza bwinobwino. Thambo la madzulo silinayere mbuu, ndipo mazenera a nyumba zosanjikizana za m'tauni akuoneka ngakhale mumthunzi.

Atsala ndi makombi oyenda mumsewu, kombi imodzi ikuoneka katatu ngati mzukwa. Kodi masking (kubisa mbali ina ya chithunzi) ya mu Hugin ingathetse zimenezi?