Mbaula 6 zosweka: K30,000 alipira ndani?

Msungichuma: Anzanga a banki m'khonde, mawerengero ndi awa. Tinatapa K120,000 m'thumba la ngongole kugula mbaula zadothi za chitetezo 24 pa K5,000 imodzi, zoti tigulitse kuno ku Chibavi pa K7,000. Zosweka ndi 6. Tikagulitsa 18 zotsalazo tipeza K126,000, phindu K6,000 basi. Ndalama yomweyi tikanabwereketsa membala pa 20 peresenti ikanabala K24,000 mwezi umodzi.

Membala wa bukhu 9: Mayi msungichuma, tingotenga m'thumba la mavuto titseke dzenjelo.

Mlembi: Ayi achemwali. Malamulo athu amati thumba limenelo ndi la maliro ndi matenda. Tikaligwira lero, mawa wina akagonekedwa ku chipatala cha Central tidzamupatsa chiyani?

Membala wa bukhu 4: Alipire amene anakatenga katunduyo. Mbaula siikwezedwa pa kabaza yosanjikizana. Imafuna udzu kapena makatoni pakati, ndipo imanyamulidwa ndi manja awiri cha pansi, osagwira pakhomo polowetsera nkhuni, chifukwa mpamene pamayambira mng'alu.

Membala wa bukhu 12: Tisafulumire kuweruza, amayi. Mbaula imasweka pa zifukwa zosiyana, ndipo chidutswa chake chimaulula. Yootchedwa bwino mu uvuni ukaigogoda imalira ngati chitsulo, ndipo ukaswa mkati mwake mumakhala mofiira monse. Yosapsa imalira mogontha, mkati mwakuda, ndipo imafumbutuka ndi chala. Kuno ku Mzuzu m'miyezi ya June ndi July, ndi mvula yowaza ija, dongo limachedwa kuuma. Woumba akafulumira kuotcha lisanaume bwino pamthunzi, madzi otsalira mkati amaling'amba. Mlandu umenewo ndi wa woumba.

Mlembi: Nanga ziwiri zimene zinabwezedwa ndi ogula?

Membala wa bukhu 12: Zimenezo zione pansi. Ngati munthu anazimitsa moto ndi madzi mbaula ikadali yotentha, kapena anakhomerera chikuni chachikulu pakhomo, imang'ambika kuchokera pakhomopo kukwera m'mwamba. Mng'alu wowonda chotero simbaula yakufa ayi: imangidwa ndi waya kuzungulira ndipo imaphikabe. Wogula amalize kulipira.

Membala wa bukhu 4: Ndiye bizinesiyi tiisiye, ikutidyera masheya.

Wapampando: Tisasiye, koma tikonze. Mbaula imeneyi imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, utsi m'khitchini umachepa, ndipo makala akukwera mtengo mwezi ndi mwezi. Makomo ambiri akufunsa. Loweruka bweretsani zonse 6. Tigogoda, tiswa chidutswa pamaso pa onse. Zakuda mkati zibwerera kwa woumba asinthe. Zofiira zosweka panjira, wonyamula alipira theka, theka gulu. Oda yotsatira, mbaula iliyonse izigogodedwa pamalo ogulira ndalama isanatuluke.

Msungichuma: Ndalemba. Koma K120,000 ikhale yabwerera m'bokosi tisanagawane mu December.