Fomu yoyera yobwera m'makatoni a katundu wa ku Joni, mukumatani nayo?

Mayi_wa_pa_Boma:
Moni nonse, ndithandizeniko nzeru. Achimwene anga ali ku Johannesburg atumiza firiji ndi TV kudzera kwa matransipota aja, katundu wafika bwinobwino osasweka, koma m'makatonimo munali fomu yoyera ija yambirimbiri, ina zibuma zikuluzikulu za m'makona ina timibulu ting'onoting'ono ngati mbuliwuli. Pano yangodzadza kuseri kwa chitseko. Ana ayamba kale kuyinyenya, pabwalo pali mbwee ndipo nkhuku zikujompha. Bambo akunyumba akuti tingoyatsa kudzala madzulo ano nkhani ithe koma ine mtima sukundilola. Kuotcha kuli bwino? Kapena ilipo ntchito yake?

Che_Usipa_Makawa:
Amayi musayerekeze kuotcha, chimenecho ndi chuma kkkk. Ife ogulitsa nsomba timachita kuyisaka. Pezani katoni yolimba kapena bokosi lamatabwa, mudule zibumazo ndi mpeni wakuthwa osati kuthyola ndi manja chifukwa imanyenyeka, muyale pansi ndi m'mbali monse osasiya mpata, molumikizamo mumate selotepi, kenako mkati muyalenso pepala la pulasitiki kuti madzi a ayisi asamalowe. Koma pachivindikiro ndi pomwe ambiri amalakwitsa, bokosi amalikonza bwino kenako pamwamba angophimba chitenje, ndiye ayisi wako pofika 10 koloko ndi madzi okhaokha ndi dzuwa la kuno la Okotobala lija. Chivindikiro chikhalenso cha fomu ndipo chizikhala thina. Chambo chimayenda m'menemo mpaka kumsika chili bwinobwino. Ngakhale mutati muyambe geni ya mafilizesi kapena madzi ozizira pa depoti, kapito yoyamba ndi imeneyo.

Aphunzitsi_Namwera:
Achemwali, bambowo auzeni asayatse. Fomu imeneyo ndi pulasitiki, mtundu wake ndi polystyrene, mukayang'anitsitsa pazibuma zina mupeza kachizindikiro ka makona atatu mkati muli nambala 6. Gawo loposa 95 pa 100 ndi mpweya chabe, n'chifukwa chake imapepuka komanso kutentha sikudutsa msanga monga akunenera Che Usipa. Mukayiyatsa imasungunuka n'kumadontha ikuyaka, utsi wake wakuda bii wamwaye wokhawokha, ndipo mumatuluka mipweya yoipa yotchedwa styrene ndi carbon monoxide. Amene ali ndi mphumu kapena khanda pakhomo ndiye musayese n'komwe, oyandikana nawonso apuma nawo utsiwo.

Kukwirira nako siwola, mudzayipeza chimodzimodzi mukamadzakumba dzala lina. Ndipo mukuona anthu otolera mabotolo ndi zitsulo sayifuna, chifukwa lole yodzadza fomu ndiye kuti yanyamula mpweya, pa sikelo palibe chomwe angapeze. Boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa jumbo) mu 2015, khothi lalikulu la apilo n'kudzagwirizana nazo mu 2019, koma mpaka lero onani m'ngalande za pamsika momwe muliri, ndiye za fomuzi tisadikire wina, tidzisamalire tokha.

Timibuluto yesani kaye, ponyani kamodzi m'kapu ya madzi. Tina amapanga ndi sitachi wa chimanga, timasungunuka pompo, timeneto simungavutike nato. Kakangoyandama ndiye kuti ndi pulasitiki.

Mnyamata_wa_Malombe:
Inu mukuchedwa nazo, kuno timamangirira ku maukonde kuti aziyandama basi. Komanso mukayiviika mu petulo pang'ono imasungunuka yonse kukhala guluu, timamatira malata othonya ndi zidebe. Chibuma chonse chija chimathera m'kachitini kamodzi, mungadabwe.

Aphunzitsi_Namwera:
Achimwene za maukondezo ndikuzidziwa ndipo sindikunyozani, zoyandamitsa zogula n'zodula, koma fomu ya m'makatoni siinapangidwire madzi ndi dzuwa. Mafunde akamayimenya imanyenyeka pang'onopang'ono, timibulu tonse tija timathera m'nyanja momwemo, tina Shire amatitenga kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi kukatitula ku Malombe kwanuko, nsomba ndi mbalame zimameza poyesa chakudya. Ngati mwakakamizika bola muziyikulunga m'nsalu kapena m'thumba lolimba n'kusoka. Za petulozo zimathekadi koma chitirani panja, kutali ndi mbaula, ana asakhale pafupi komanso osasuta fodya pamenepo. Ndipo chidebe chotungira madzi akumwa musamate ndi zimenezo chonde.

Ankolo_Okonza_Mawailesi:
Ine ndingowonjezerapo pang'ono. Za TV zo musataye amayi, sungani pamodzi ndi katoni yake pamwamba pa wadiropu, tsiku losamuka nyumba kapena ikadzavuta mukufuna kupita nayo kokonzetsa mudzazifuna. Ma TV amakonowa galasi lake silichedwa, kungoyikweza pa kabaza yopanda chotchinga m'makona mwaiphetsa, ndimaziona pa shopu pano anthu akubwera nayo itachita mizere. Za firiji ndi zomwe mungapereke.

Nkhukuzo zitsekereni kaye musese bwinobwino, zikadya zambiri chithokomiro chimadzadza ndi zinthu zopanda chakudya. Posesa wazani timadzi kaye apo ayi tizingouluka n'kumakakamira kutsache ndi kuzovala. Zonyenyekazo longedzani m'thumba la feteleza lopanda kanthu, musoke kukamwa kawiri, likhala chokhalira cha pakhonde, koma osapangira mwana wakhanda pilo.

Mayi_wa_pa_Boma:
Zikomo nonse. Ndayesa timibulu tija m'madzi, tikungoyandama, ndiye tilowa m'thumba. Za TV ndasunga. Che Usipa zibuma za firiji zilipo zinayi zazikulu, ngati mukuzifuna nenani msanga anawa asanazimalize.

Che_Usipa_Makawa:
Ndikuzifuna amayi, Loweruka ndikubwera ku boma kudzagula ayisi ndidzadutsa konko. Katoni ya firijiyonso musapatse munthu.