Kodi a Maple Leafs amuchotse kochi kapena vuto lili pa osewera? (Zokambirana za mu May 2024)

Wofunsa: Abale amene mumatsatira hockey makamaka a kuno ku Toronto ndithandizeni maganizo, ine ndi alamu anga tasemphana mpaka sitikuyankhulana bwino chifukwa cha Sheldon Keefe, kochi wa timu yathu ya Maple Leafs. Iwo akuti achoke basi, ine ndikuti ayi. Mwaona nokha Loweruka pa 4 May 2024, gemu 7 ku Boston (yomaliza ya series ya ma playoff, woluza amatuluka), Nylander wathu wagoletsa, ife tikuti chaka chino tadutsa, posakhalitsa Lindholm wa Boston wabweza kenako Pastrnak watimaliza mu overtime 2-1. Mtima ukundiwawa mpaka pano. Koma kodi kochi ndi amene amalowa pa ayezi? Matthews wathu wamwetsa zigoli 69 sizoni ya 2023-24 koma gemu 5 ndi 6 sanasewere, ndipo timu inali kumbuyo magemu 3-1 n'kubwerera mpaka 3-3, kochi wolephera angachite zimenezo? Ndiwayankhe bwanji alamuwa, kapena ndine ndikuona molakwika?

Yankho 1: Achimwene alamu anuwo akunena zoona. Keefe anabwera 2019 m'malo mwa Babcock, kuyambira pamenepo wapambana series imodzi yokha ya ma playoff, ija ya Tampa Bay mu 2023, kenako Florida inatikwapula 4-1. Mwayiwala 2021? Tinali patsogolo 3-1 pa Montreal n'kuluza. Nanga power play (pamene mdani wachepa osewera chifukwa cha chilango) ya series iyi, chigoli chimodzi chokha ndi osewera odula chonchi? Imeneyo ndi ntchito ya kochi ndi anthu ake, palibe kuzemba.

Yankho 2: Ine ndili mbali yanu bambo. Boston inatitulutsa pa gemu 7 mu 2013, 2018, 2019 Keefe asanafike n'komwe, ndiye tinene kuti ndi iyeyo? Ndalama pafupifupi theka la salary cap (malire a ndalama zolipira osewera) sizoni ya 2023-24 zathera pa anthu anayi, Matthews, Marner, Tavares ndi Nylander, ndiye kumbuyo ugula ndani, goli ugula ndani? Amene anakonza zimenezo ndi akuluakulu a mu ofesi, Shanahan, pulezidenti wa timu, anakhala pampando mu 2014 koma palibe akumutchula, aliyense chala pa kochi chifukwa ndi wosavuta kuchotsa.

Yankho 3: Onani Edmonton, anachotsa kochi Woodcroft mu November 2023 n'kuika Knoblauch, osewera omwewo anapambana magemu 16 motsatizana. Nthawi zina anyamata amangotopa ndi mawu a munthu mmodzi. Kochi Berube alibe timu kumayambiriro kwa May 2024 kuno, ndipo anatenga Stanley Cup, kapu ya ligiyi, ndi St. Louis mu 2019.

Yankho 4: Za timu sindilowerera, koma musadane ndi alamu chifukwa cha mpira wa anthu. Pitani kwa iwo mukaonere limodzi magemu otsalawa, nkhani ya kochi muisiye kaye mpaka mitima itazizira.

Wofunsa: Zikomo nonse. Za power play ndavomera, zinandinyansa ine ndemwe. Koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi choti akamuchotsa Keefe anthu akhala chete, anayi aja akhala momwemo, April wa chaka chamawa tidzalirenso. Timu iyi sinatenge kapu kuyambira 1967, makochi angati adutsapo? Alamu ndiwaimbira madzulo ano. Koma ndifunsenso inu amene mukuti Berube, akabwera Marner atsale kapena amugulitse, poti kontrakiti yake ndi yothera mu 2025?